Synthetic division ikamakupatsani yankho lolakwika: mmene mungapezere pamene pasokonekera

Vuto la synthetic division, njira yachidule yogawira polynomial (masamu a mtundu wa 2x³ − 3x² − 11x + 6) pa tebulo la manambala okha, ndi loti sichenjeza munthu akalakwitsa. Pa long division, mukasokoneza penapake mumaona kuti x² wakana kufafanizika, ndiye mumabwerera. Koma tebulo la synthetic division limalandira nambala iliyonse imene mwalipatsa, n'kutulutsa mzere wooneka bwino wa manambala athunthu. Nthawi zambiri manambalawo amakhala olondola ndithu, kungoti akuyankha funso limene simunafunsidwe. Choncho yankho likakana kufanana ndi la kumapeto kwa buku, musathamangire kuchulukitsanso. Yambani mwadzifunsa kuti: kodi tebulo langali layankha funso liti? M'makope a ophunzira Additional Mathematics, kaya ku Matero, ku Kabwata kapena ku Chelstone mu Lusaka, ngakhalenso a chaka choyamba ku yunivesite ya Zambia (UNZA), zolakwa zambiri zimachitika munthu asanachulukitse n'komwe.

Tiyambe ndi tebulo lolondola, kuti tikhale ndi poyerekezera. Tigawe 2x³ − 3x² − 11x + 6 ndi x − 3. Kumanzere timalemba 3, chifukwa ndiye nambala imene imasandutsa x − 3 kukhala ziro. Pamwamba timandandalika ma coefficient, kutanthauza manambala a kutsogolo kwa x³, x² ndi x pamodzi ndi nambala yomaliza, aliyense ndi chizindikiro chake.

3 | 2, −3, −11, 6
pakati: 6, 9, −6
pansi: 2, 3, −2, 0

Tatsitsa 2 mmene alili. Tachulukitsa 2 ndi 3, tapeza 6, tamuika pansi pa −3, taphatikiza, tapeza 3. Kenako 3 kuchulukitsa ndi 3 ndi 9, kuphatikiza ndi −11 ndi −2. Pomaliza −2 kuchulukitsa ndi 3 ndi −6, kuphatikiza ndi 6 ndi 0. Nambala yomaliza ndiyo chotsala. Zinazo ndi ma coefficient a yankho, ndipo pawa imatsika ndi imodzi: 2x² + 3x − 2, chotsala 0.

Chotsala chakana kukhala ziro, pamene funso lanena kuti chogawiracho ndi factor (chogawira chosasiya chotsala)

Choyamba kuyang'ana ndi nambala ya kumanzere. Mukamagawa ndi x + 2, kumanzere kumakhala −2, osati 2. Polynomial yomwe ija, ndi −2, imatulutsa 2, −7, 3, 0. Mukalemba 2 mumapeza 2, 1, −9, −12. Taonani kuti −12 ameneyu si wabodza. Ndi chotsala chenicheni cha kugawa ndi x − 2. Mwagwira ntchito yabwino m'munda wa eni.

Ambiri amaloweza kuti "sintha chizindikiro", ndipo lamuloli limathandiza mpaka tsiku limene funso labwera mwa mtundu wina. Funso likati sonyezani kuti x = −2 ndi root (nambala yosandutsa polynomial kukhala ziro), kapena pezani f(−2) (chimene polynomial imapereka x akakhala −2), palibe chosintha: −2 amalowa kumanzere mmene alili. Woloweza uja amasinthabe, n'kulemba 2. N'chifukwa chake ife timalimbikitsa kamzere kamodzi pambali pa tebulo lililonse: x + 2 = 0, ndiye x = −2. Kamzereka sikadya nthawi, ndipo kamagwira ntchito ngakhale chogawiracho chikhale 3x + 2 kapena 5 − x.

Ngati nambala ya kumanzere ili bwino, onani ngati mwaphatikiza kapena mwachotsera. Dzanja lozolowera long division limafuna kuchotsera, chifukwa kumeneko sitepe iliyonse ndi yochotsera. Pa synthetic division kuchotserako kunachitika kale pamene tinalemba 3 m'malo mwa −3, ndiye chatsala ndi kuphatikiza basi. Mukachotsera pa chitsanzo choyamba chija, mzere wapansi umakhala 2, −9, 16, −42, ndipo −42 ndi f(−3), kutanthauza kuti mwagawa ndi x + 3 mosadziwa. Apa pali njira yofufuzira: chotsala chanu chikafanana ndi f ya nambala yomweyo koma ya chizindikiro chinacho, vuto ndi limodzi mwa awiriwa.

Pali ophunzira ena amene amalakwitsa zonse ziwiri nthawi imodzi: salemba −2 koma 2, kenako amachotsera. Zolakwa ziwirizi zimafafanizana ndipo yankho limatuluka lolondola. Amenewa ndi amene amatidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa tsiku limene mnzawo adzawakonza chimodzi chokha, mayankho awo onse adzayamba kulakwika ndipo sadzadziwa chimene chasintha. Aphunzitsi ndi ophunzitsa tyushoni, musamangochonga mzere wapansi. Onaninso wapakati.

Mpando wa ziro

Ili ndiye vuto limene limabwerezedwa koposa onse. Tebulo silidziwa kuti nambala iyi ndi ya x⁴ ndipo iyo ndi ya x². Limangodziwa malo amene nambala yakhala. N'chimodzimodzi ndi ndalama: K105 ndi K15 zimasiyana chifukwa cha ziro amene wasunga malo, ndipo palibe wogulitsa ku Soweto Market amene angavomere kuti ziroyo alibe ntchito.

Tigawe x⁴ − 5x² + 4 ndi x − 2. Mulibe x³, mulibenso x. Mzere wapamwamba uyenera kukhala ndi manambala asanu.

2 | 1, 0, −5, 0, 4
pakati: 2, 4, −2, −4
pansi: 1, 2, −1, −2, 0

Yankho ndi x³ + 2x² − x − 2, popanda chotsala. Amene wangokopera manambala ooneka, 1, −5, 4, amapeza 1, −3, −2. Iyeyu wagawa x² − 5x + 4, polynomial inayake imene sinali pa pepala.

Mankhwala ake ndi kuwerenga mipando musanayambe. Pawa yaikulu ikakhala 4, manambala akhale asanu. Ikakhala 3, akhale anayi. Nthawi zonse ndi pawa yaikulu kuwonjezera imodzi. Pa x³ − 8 mzere ndi 1, 0, 0, −8, maziro awiri otsatizana. Pa x³ − 4x mzere ndi 1, 0, −4, 0. Ziro wakumapetoyu ndi amene amaiwalika kwambiri, chifukwa diso limaona kuti funso latha.

Chenjerani makamaka pogawa ndi x − 1. Pamenepa chotsala chimangokhala chiwonkhetso cha ma coefficient onse, ndiye maziro kaya alipo kaya palibe, chotsalacho sichisintha. Pa x⁴ − 5x² + 4, woiwala maziro amapeza 1, −4, 0. Ziro watuluka, mtima wakhala pansi, amalemba x − 4. Koma tebulo lolondola limapereka 1, 1, −4, −4, 0, kutanthauza x³ + x² − 4x − 4. Popeza ambiri amayamba kuyesa ndi 1, cholakwachi chimabisala pa sitepe yoyamba n'kukaonekera kutsogolo, munthu atalemba kale theka la tsamba. Chizindikiro chake n'chapafupi: mwagawa x⁴ ndi x, yankho liyenera kuyamba ndi x³. Likayamba ndi china, mipando yasowa.

Ziro amavutanso pa mzere wapansi. Mukapeza 1, 0, −1 ndi chotsala 0, yankho ndi x² − 1, osati x − 1. Werengani kuchokera kumanja: nambala yoyandikana ndi chotsala ndi yopanda x, yotsatira ndi ya x, yotsatiranso ndi ya x².

Ndipo funso likabwera losokonezeka, monga 6 − 11x + 2x³ − 3x², lisanjeni kaye kuyambira pa pawa yaikulu, nambala iliyonse isamuke ndi chizindikiro chake. Mabulaketi akakhalapo, atseguleni kaye.

Chotsala chili bwino, koma yankho lakula kawiri kapena katatu

Izi zimachitika chogawira chikakhala ngati 2x − 1 kapena 3x + 2, pamene kutsogolo kwa x kuli nambala ina osati 1. Tigawe 6x³ + x² − 5x + 4 ndi 3x + 2. Kamzere kathu kaja: 3x + 2 = 0, ndiye x = −2/3.

−2/3 | 6, 1, −5, 4
pakati: −4, 2, 2
pansi: 6, −3, −3, 6

Ambiri amalemba 6x² − 3x − 3 n'kupita ku funso lina. Koma 6x³ kugawa ndi 3x ndi 2x², osati 6x². Chachitika n'chakuti tebulo lagawa ndi x + 2/3, chifukwa limangodziwa zogawira zoyamba ndi x yekha. Tebulo lanena kuti polynomial yathu ndi (x + 2/3)(6x² − 3x − 3) + 6. Kuti x + 2/3 akhale 3x + 2 tiyenera kumuchulukitsa ndi 3, ndipo 3 ameneyo timamutenga m'bulaketi yachiwiri. Timapeza (3x + 2)(2x² − x − 1) + 6. Yankho ndi 2x² − x − 1, chotsala 6.

Onani bwino kuti 6 wakumapetoyo sanakhudzidwe. Ali kunja kwa mabulaketi, ndiye 3 uja samukhudza. Apa pali magulu awiri a olakwitsa: ena sagawa chilichonse, ena amagawa mzere wonse pamodzi ndi chotsala n'kulemba kuti chotsala ndi 2. Gawani manambala a yankho okha. Kuti musasokonezeke, jambulani kabokosi kozungulira chotsala mukangochipeza, dzanja lisafikemo.

Pa chitsanzo choyamba chija, kugawa ndi 2x − 1 kumatulutsa 2, −2, −12, 0, ndipo mukagawa ndi 2 mumapeza x² − x − 6. Ngati mukungofuna ma root, kuiwala kugawako sikuoneka, chifukwa 2x² − 2x − 12 = 0 ndi x² − x − 6 = 0 zili ndi ma root ofanana, 3 ndi −2. Koma funso likati factorise, woiwalayo amalemba 2(2x − 1)(x − 3)(x + 2), zimene zikatsegulidwa zimayamba ndi 4x³. Malikisi apita.

Chogawira cha mtundu wa 3 − x chimatsata lamulo lomweli. Nambala ya kutsogolo kwa x ndi −1. Kumanzere lembani 3, ndipo pomaliza sinthani zizindikiro za yankho lonse, chotsala chisiyeni mmene chilili.

Mawu amodzi pa mafulakishoni: musasandutse −2/3 kukhala −0.67. Mukatero pa chitsanzo chapamwambachi mumapeza −3.02, kenako −2.9766, ndipo chotsala chimatuluka cha m'ma 5.99 m'malo mwa 6. Pa funso limene chotsala chimayenera kukhala ziro, mumapeza kanambala kakang'ono kotsalira, n'kugamula molakwika kuti si factor. Theka ndi kota zimalembeka bwino ngati 0.5 ndi 0.25, koma 1/3, 2/3 ndi 1/7 zisiyeni zili mafulakishoni.

Kakyuleta ikutsutsana ndi tebulo

Ndi bwino kutsimikizira chotsala polowetsa nambala mu polynomial, chifukwa remainder theorem imanena kuti chotsala cha kugawa f(x) ndi x − a ndi f(a). Koma nthawi zina tebulo limakhala lolondola, cholakwika n'kukhala mmene mwalembera pa kakyuleta. Pa ma Casio amene ambiri amanyamula, mukalemba −2² imakupatsani −4, chifukwa imayamba ndi pawa, mainasi pambuyo. Choncho f(−2) ya chitsanzo choyamba chija, yolembedwa popanda mabulaketi, imatuluka 24 m'malo mwa 0, chifukwa −3(−2)² amene amayenera kukhala −12 wasanduka 12. Wophunzira amakhulupirira makina, n'kufafaniza tebulo limene linali bwino. Nambala iliyonse ya mainasi iikeni m'mabulaketi: 2(−2)³ − 3(−2)² − 11(−2) + 6.

Mukudziwanso kuti f(a) imangotsimikizira chotsala. Siiona yankho losagawidwa ndi 3 lija, siionanso maziro oiwalika pa x − 1. Kuti muyese zonse, sankhani nambala yapafupi yosiyana ndi ya kumanzere, muilowetse mbali zonse ziwiri. Pa chitsanzo choyamba, x = 1: polynomial imapereka 2 − 3 − 11 + 6 = −6, ndipo chogawira kuchulukitsa ndi yankho ndi (1 − 3)(2 + 3 − 2) = −6. Zagwirizana. Kuyesa ndi x = 0 n'kofulumira kwambiri, 6 = (−3)(−2), koma kumangoona manambala akumapeto, ndiye musadalire kokhako.

Muli chilembo m'malo mwa nambala

Funso lotchuka ndi ili: x − 2 ndi factor ya x³ + kx² − 4x + 12, pezani k. Tebulo limagwira ntchito chimodzimodzi. Tsitsani 1. Chulukitsani ndi 2, phatikizani ndi k, mupeza k + 2. Apa ndi pamene pamagwera anthu: 2 kuchulukitsa ndi k + 2 ndi 2k + 4, osati 2k + 2. Kuphatikiza ndi −4 kumasiya 2k. Kenako 4k kuphatikiza 12. Popeza ndi factor, 4k + 12 = 0, ndiye k = −3. Amene analemba 2k + 2 amafika pa 4k + 8 n'kupeza k = −2, nambala yooneka yaulemu imene palibe angaikayikire. Bwezerani k wanu m'tebulo: ndi −3 mzere wapansi ndi 1, −1, −6, 0. Ndi −2 chotsala chimatuluka 4, ndipo mwadziwa kuti mwalakwa.

Kunena zoona, ngati funso likungofuna k yekha, kulowetsa x = 2 mwachindunji n'kwachidule: 8 + 4k − 8 + 12 = 0. Tebulo limapindulitsa pamene gawo lotsatira la funso likufuna ma factor ena.

Chogawira chili ndi x²

Tebulo lamtundu umene tikukambawu ndi la chogawira cha x wa pawa imodzi. Mukapatsidwa x² − 4, simungalembe 4 kumanzere. Koma popeza x² − 4 ndi (x − 2)(x + 2), mukhoza kugawa kawiri, ndipo kachiwiriko mumagawa yankho la koyamba. Pa x⁴ − 5x² + 4, nambala 2 inatipatsa 1, 2, −1, −2. Mzere umenewu ndi −2 umapereka 1, 0, −1, 0, ndiye yankho ndi x² − 1.

Zimavuta zotsala zikakhala kuti si ziro. Tengani x³ + 2x² − x + 7. Ndi 2 mumapeza 1, 4, 7 ndi chotsala 21. Ndi −2 pa 1, 4, 7 mumapeza 1, 2 ndi chotsala 3. Yankho ndi x + 2, koma chotsala si 21, si 3, si 24. Chotsala chachiwiri chiyenera kuchulukitsidwa ndi chogawira choyamba: 3(x − 2) + 21 = 3x + 15. Amene sakhulupirira atsegule (x² − 4)(x + 2) + 3x + 15 aone. Ngati sitepe imeneyi simunaizolowere, kapena chogawira chili ngati x² + 1 chimene sichigawika, pitani ku long division. Ndi yaitali koma siinama.

Mwayesa manambala ambiri, palibe wotulutsa ziro

Pothetsa equation ya x³ timafunika root yoyamba, ndipo kuyesa mwachisawawa kumadya mphindi zimene m'chipinda cha mayeso a ECZ (bungwe loyendetsa mayeso ku Zambia) mulibe. Ma coefficient onse akakhala manambala athunthu, root iliyonse imene ili nambala yathunthu iyenera kugawa nambala yomaliza popanda chotsala. Pa 2x³ − 3x² − 11x + 6 yesani 1, 2, 3, 6 ndi anzawo a mainasi basi. Kuyesa 4 kapena 5 n'kutaya nthawi. Mafulakishoni otheka ndi amene pamwamba pali nambala yogawa 6, pansi yogawa 2: 1/2, 3/2 ndi a mainasi awo. Oiwala mafulakishoniwa ndi amene amanena kuti funso ndi lolakwika.

Kuyesa 1 sikufuna tebulo, ingowonkhetsani ma coefficient. Mukayesa nambala ya pulasi n'kupeza kuti mzere wonse wapansi ndi wa pulasi, monga 6 amene amapereka 2, 9, 43, 264, musapitenso pamwamba, kulibe root yoposa pamenepo.

Mukapeza root, pitirizani ndi yankho, osabwerera ku polynomial yoyamba. Ndipo musataye nambala imene yagwira kale ntchito, chifukwa root imatha kubwera kawiri. Pa x³ − 3x + 2, mzere ndi 1, 0, −3, 2. Ndi 1 mumapeza 1, 1, −2, 0. Ndi 1 kachiwiri mumapeza 1, 2, 0. Ndiye polynomial ndi (x − 1)²(x + 2). Amene anafafaniza 1 pa mndandanda wake amatsala akufunafuna root yachitatu imene kulibe. Yankho likangofika pa x², siyani tebulo, gwiritsani ntchito factorisation kapena quadratic formula, chifukwa ma root otsalawo akhoza kukhala a square root amene kuyesa manambala sikungawapeze.

Zonse zili bwino koma yankho likukanabe

Chatsala ndi kalembedwe. Mainasi wolembedwa mopepuka ndi pensulo, makamaka powerenga usiku magetsi atathima, amasowa pakati pa mzere ndi mzere, kapena amalumikizana ndi mzere wojambula pansi pa manambala apakati. Siyani mpata wa zala ziwiri pakati pa manambala, nambala iliyonse ikhale molunjika pansi pa inzake, ndipo mainasi amamatire ku nambala yake. Kumanzere kukakhala nambala ya mainasi, nambala iliyonse ya mzere wapakati iyenera kukhala ndi chizindikiro chosiyana ndi cha nambala yapansi imene yachokerako. Yendetsani chala pa zizindikiro zokhazo musanayang'ane kukula kwa manambala.

Polemba yankho lomaliza, chotsala chimakhala pamwamba pa chogawira chenicheni cha m'funso: 2x² − x − 1 + 6/(3x + 2), osati 6/(x + 2/3). Ndipo werenganinso mawu a funso. Likatchula njira, monga long division kapena factor theorem, sonyezani njira imeneyo pa pepala loyankhira, tebulo likhale lotsimikizira pambali.